Kodi kutchire ndizipitabe?

Funso: Ndimaphunzitsa za zomera pa yunivesite ina kuno ku Johannesburg. Andipempha kuti nditsogolere gulu lofufuza ndi kuteteza zachilengedwe za m'dera lino. Kodi kutchire ndizipitabe? — Mayi wa ku Dedza, Braamfontein

Yankho: Mayi, muzipita, koma mwa apo ndi apo. Nthawi yambiri izithera pa mapepala: kupempha ndalama ku National Research Foundation (bungwe la boma lopereka ndalama za kafukufuku), kusaka zilolezo musanazule ngakhale kachitsamba kamodzi, kuwerenga zolemba za ophunzira. Komabe ine ndikanavomera. Udzu wa ku Highveld, dera lokwera komwe kuli Johannesburg, ukutha ndi migodi, minda ndi nyumba, poti ambiri amauyesa tchire wamba. Ophunzira anu ayambire pafupi, ku malo otetezedwa a Melville Koppies, mvula yoyamba ikagwa pamene panapsa. Zomwe atola akaziyerekeze ndi za ku C.E. Moss Herbarium, malo osungira zomera zouma ku yunivesite ya Wits. Lachisanu muzikana misonkhano, muzipita nawo.