Kachubu kakupita m'mimba, nanga ajambuliranji chifuwa?

Mayi wina wandilembera pa imelo. Bambo awo ali m'chipatala, anachita sitiroko ndipo sakutha kumeza. Anawalowetsa kachubu kodyetsera kudzera m'mphuno, koma anamwino anakana kuthiramo chilichonse mpaka atawajambula X-ray ya pachifuwa. Anadikira maola angapo. Mayiwa akufunsa kuti, poti kachubuko kakupita m'mimba, chifuwa chikubweramo bwanji? Si kungozunza wodwala ndi njala?

Mayi, pepani. Kuona kholo lili gone, chakudya chili pambali koma osalipatsa, n'kowawa. Komabe anamwinowo anachita bwino.

Pakhosi pali njira ziwiri zogundana: ya mpweya kutsogolo, ya chakudya kumbuyo kwake. Wolowetsa kachubu saona kumene kakulowera. Munthu wamphamvu zake, kachubu kakasochera m'njira ya mpweya, amatsokomola mpaka misozi, aliyense n'kudziwa kuti pavuta. Koma wa sitiroko kapena wokomoka nthawi zina satsokomola n'komwe. Kachubu kamatsetsereka mwakachetechete mpaka m'mapapo, kawirikawiri mbali ya kumanja, poti nthambi yakumeneko ndi yotambasuka komanso yolunjika kumunsi. Chakudya chikathiridwa mmenemo, wodwala amabanika, amadwala chibayo choopsa, ndipo ena amatsikira kulichete.

M'zipatala zambiri X-ray siyoyambira. Namwino amayamba wakoka timadzi m'kachubuko ndi sirinji n'kudonthezera pa kapepala koyezera asidi. Ngati pH, nambala imene imatsika asidi akachuluka, ili 5.5 kapena kucheperapo, ndiye kuti timadzito tachokera m'chifu. Vuto limabwera timadzi tikakana kutuluka, kapena wodwala akamalandira mankhwala ochepetsa asidi monga omeprazole, amene amakweza nambalayo. Apa m'pamene amaitanitsa X-ray.

Ajambuliranji chifuwa? Chifukwa kungoona nsonga ya kachubu sikokwanira. Kumunsi kwa mapapo kumatsika kwambiri chakumsana, moti kachubu kali m'mapapo kangathe kuoneka pachithunzi ngati kali m'mimba. Choncho dokotala amakatsatira ulendo wonse. Kayenera kutsika pakati pa chifuwa, osapatukira m'nthambi za mpweya. Kadutse pamphambano pomwe njira ya mpweya imagawikira pawiri, kapitirire pakati pomwepo kudutsa mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba, ndipo nsonga yake ioneke pansi pa mnofuwo chakumanzere, kumene kuli chifu. Chimodzi chikasowa, sadyetsa. Apa ndimalimbikira kwambiri, chifukwa ngozi zina zachitikapo chithunzi chilipo ndithu, koma chitawerengedwa mothamanga, kapena atayang'ana chadzulo m'malo mwa chalero.

Mwina munaonapo ena akupopera mpweya m'kachubu kwinaku akumvetsera pamimba ngati pakulira. Njira imeneyo ndi yosadalirika, chifukwa phokosolo limamvekanso kachubu kali m'mapapo. Ku England anachenjeza zipatala kuti aisiye mu 2005.

Za mphamvu ya X-ray musade nazo nkhawa. Chithunzi chimodzi cha pachifuwa chimapereka yochepa, yofanana ndi imene thupi limalandira kuchokera m'chilengedwe m'masiku ochepa chabe.

Tsono inu monga woyang'anira wodwala muli ndi mbali yanu. Chithunzi chimangonena pamene kachubu kanali panthawi yojambulayo. Pakachubupo pali manambala. Funsani namwino nambala imene ili pamphuno, muisunge. Bambo akasanza, akatsokomola kwambiri, akakoka kachubuko ndi dzanja, kapena pulasitala ikamasuka n'kuona kuti nambala yasintha, itanani namwino chakudya chisanapitirire. Akayamba kubanika pomwe akudyetsedwa, chakudyacho chiimitsidwe pomwepo. Musathiremo nokha ngakhale madzi, ndipo kachubu kakatuluka pang'ono musakakankhire mkati.

Kudikira kukatalika, funsani mwaulemu ngati chithunzi chawerengedwa, ndi amene wachiwerenga. Funsaninso ngati bambo akulandira madzi a diripi ndi mankhwala awo m'njira ina pamene mukudikira, makamaka ngati ali ndi matenda a shuga.