Kodi turmeric angateteze mapapo ku poizoni wa arsenic?

Mayi wina wa ku Kamwendo m'boma la Mchinji wanditumizira imelo. Iwo anawerenga kuti zomera zina zili ndi mankhwala oteteza mapapo ku poizoni wa arsenic, amene amapezeka m'miyala ina ya pansi n'kulowa m'madzi, ndipo popeza banja lawo limamwa madzi a pamjigo komanso amuna awo akhala akutsokomola kwa miyezi, akufunsa ngati ayambe kuwagulira turmeric, ufa wachikasu wokometsera ndiwo.

Mayi, zimene munawerengazo zilipodi, koma zinaoneka pa makoswe ndi mbewa za m'malo ofufuzira, osati pa anthu. Akatswiri amamwetsa nyamazi arsenic mwadala, kenaka zina amazipatsanso mankhwala a m'zomera monga curcumin wa mu turmeric, quercetin wopezeka mu anyezi, kapena resveratrol amene ali m'makoko a mphesa komanso mu mtedza umene timalima kuno. Arsenic akalowa m'thupi amachepetsa glutathione, chinthu chimene chimatchinjiriza maselo, ndipo mapapo amayamba kutupa ndi kuwonongeka. Pa kafukufuku wambiri wotere, nyama zimene zinalandira mankhwala a m'zomerawa zinapezeka ndi mapapo osawonongeka kwambiri poyerekeza ndi zinzake.

Vuto lili pa mlingo ndi nthawi. Khoswe amapatsidwa mankhwala osungunulidwa bwino, ochuluka kwambiri poyerekeza ndi kulemera kwake, nthawi zambiri kwa masabata ochepa chabe, pamene munthu amamwa madzi oipawo kwa zaka zambiri. Curcumin naye salowa bwino m'magazi akadyedwa, moti supuni ya turmeric mu ndiwo ili kutali ndi zimene zinachitika pa makoswewo. Ndimadandaula kuti ogulitsa mankhwala azitsamba amatchula kafukufukuyu osanena kuti anali wa nyama.

Kuopsa kwa arsenic pa mapapo a anthu n'kodziwika bwino. Mumzinda wa Antofagasta ku Chile anthu anamwa madzi okhala ndi arsenic wambiri kuyambira 1958 mpaka 1970, ndipo patapita zaka, amene anali ana panthawiyo anamwalira ndi khansa ya m'mapapo ndi matenda ena a m'chifuwa mochuluka kuposa anzawo a m'madera ena. Ku Bangladesh anthu mamiliyoni anakhudzidwa kudzera m'mijigo imene inakumbidwa pofuna kuthana ndi matenda otsegula m'mimba. Kumadera onsewa chothandiza chinali kuyeza madzi, kuwasefa kapena kusintha potunga. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati arsenic asapitirire mamaikulogalamu 10 pa lita imodzi ya madzi akumwa, umene ndi mlingo wochepa kwambiri.

Kumwa madzi a pamjigo sikutanthauza kuti mukumwa arsenic, chifukwa zimatengera miyala ya pansi pa dera lanu. Poizoniyu alibe fungo kapena kukoma, ndipo kuwiritsa madzi sikumuchotsa, kotero ngati muli ndi nkhawa, komiti ya mjigo wanu ikafunse ku ofesi ya zamadzi paboma za kayezedwe ka madziwo.

Koma chofunika msanga ndi chifuwa cha bambowo. Munthu akatsokomola kupitirira masabata awiri ayenera kukayezetsa makhololo kuti aone ngati si chifuwa chachikulu cha TB, ndipo m'zipatala za boma chithandizo chake ndi chaulere. Ngati amasuta, akauze adokotala, chifukwa fodya ndi arsenic zikakumana m'thupi limodzi chiopsezo cha khansa ya m'mapapo chimakula koposa.