Kodi chiphaso chotha ntchito chingatsitsimutsidwe?

Funso: Ndimalemba mapulogalamu a pafoni, ndipo ndikumasulira malangizo athu m'Chichewa. Anzanga amangoti "token yaekisipaya, irifuresheni." Kodi ndingalembe kuti "tsitsimutsani chizindikiro"?

Yankho: Funso lanu landisangalatsa, ndipo ndikupemphani kuti musalembe choncho. Munthu akalowa m'pulogalamu ndi mawu ake achinsinsi, seva, kompyuta imene pulogalamuyo imalumikizana nayo, imapatsa foni yake token imene foniyo imaonetsa nthawi iliyonse ikamapempha kanthu. M'dongosolo loperekera ma token lotchedwa OAuth 2.0, limene linasindikizidwa mu 2012, token imeneyi kawirikawiri sikhalitsa, mwakuti ya Google imatha pakapita ola limodzi. Ikatha, seva imakana ndi nambala 401, ndipo foni imatumiza token yachiwiri, yokhalitsa, kuti ipatsidwe ina m'malo mwa yotha ija, mwini foni asakudziwa n'komwe.

Chinthu choterechi ndi chiphaso. Chizindikiro chimangosonyeza, monga mitambo yakuda isonyeza mvula, pamene chiphaso chimatsegulira munthu njira. Ine ndimakhulupirira ndithu kuti liwuli linachokera ku "pass" ya Chingerezi ndipo linafala ndi anthu a ku migodi. Agogo anga aamuna, amene anapita ku Joni pa Wenela, ankasunga chawo m'kachitini ka fodya chitapindidwa kanayi, ndipo tsiku loti chidzathe ntchito ankalidziwa pamtima. Sindinawamvepo akunena kuti chaekisipaya. Mneni wobwerekayu amandiwawa m'makutu, chifukwa "kutha ntchito" tili nako kale ndipo aliyense amakumva.

Vuto lalikulu lili pa kutsitsimutsa. Timatsitsimutsa munthu wokomoka pomuthira madzi kumaso, ndipo amene amadzukayo ndi yemwe uja anagwa. Masamba ofota akatsitsimuka m'beseni amakhala omwe aja munathyola m'mawa. Koma chiphaso chotha ntchito sichidzukanso: foni imachitaya n'kulandira chatsopano. Wolemba pulogalamu amene wawerenga kuti "tsitsimutsani" angaganize kuti ayenera kutumizanso chakalecho, ndipo seva idzamukana kachiwiri. Pa chifukwa chomwecho "kukonzanso" sindikuvomereza, popeza palibe chimene chawonongeka.

Token yosakhalitsa ija muitche chiphaso cholowera, yachiwiri yokhalitsa ija chiphaso chotengera china, ndipo mulembe kuti "chiphaso cholowera chikatha ntchito, pemphani chatsopano." Chachiwiricho chikathanso, mwini foni safunikira kumva za ziphaso ayi. Mulembereni kuti, "Nthawi yanu yatha, chonde lowaninso."