Anthu a m'mbali mwa Nasolo si osamva, alibe kotaya

Amayi ena a ku Ndirande andilembera pa imelo. Iwo ndi anzawo a kumpingo anayeretsa chigawo china cha mtsinje wa Nasolo n'kudzalamo mitengo, koma pasanathe mwezi zinyalala zinabwerera, ndipo pofika chilimwe mbande zambiri zinali zitauma. Akufunsa kuti: "Tiwatani anthu osamvawa?"

Amayi, mawu akuti "osamva" ndiwo andikhudza, ndipo sindikugwirizana nawo. Taganizirani mayi wokhala m'nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi, pabwalo popanda ngakhale pokumba dzenje, bini ya khonsolo ili kutali komanso yasefukira. Kukada, ali ndi jumbo la matewera a mwana m'manja, alowera kuti? Mukhoza kumulalikira mpaka kusasa mawu, mawa mudzampeza pa mlatho womwewo.

N'chifukwa chake ntchito yoyeretsa mtsinje imayambira kwa khansala ndi ku ofesi ya khonsolo ya mzinda wa Blantyre, reki isanakhudze madzi. Gwirizanani tsiku limene galimoto yonyamula zinyalala idzabwere, ndipo tsiku loyeretsa likhale lomwelo kapena dzulo lake. Magulu ambiri amavuula zinyalala n'kuziunjika pagombe. Agalu amazimwaza, dera lonse limaona mulu ngati dzala latsopano, ndipo mvula yoyamba imabwezera zonse m'madzi. Nthawi yabwino ndi Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, madzi ali ochepa. Yambirani kumtunda kutsikira kumunsi, apo ayi zimene mwavundula zidzadzaza pamene mwakonza kale. Aliyense wolowa m'madzi avale magambutsi ndi magolovesi olimba, chifukwa pansi pali mabotolo osweka, malezala, ndiponso zotuluka m'zimbudzi. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 anapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno. Ana asalowe m'madzi, ndipo pamalo pakhale ndowa ya madzi othira kolorini ndi sopo.

Zinyalala zambiri za pakhomo ndi zowola: makoko a nthochi, masamba, zotsala za nsima. Zimenezi zikapita m'nkhuti ya kompositi, zotsala zofunika galimoto zimachepa kwambiri, ndipo manyowawo ndi omwe mudzathire m'mayenje a mitengo. Mapulasitiki musawotche, utsi wake umalowa m'nyumba za anthu omwe mukufuna kuti akuthandizeni. Pa za majumbo mtima umandiwawa. Lamulo loletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikuloni 60 linabwera mu 2015, khoti lalikulu la apilo linaligwirizira mu 2019, koma kwa zaka zotsatira timajumbo tija tinapitirira kutseka ngalande. Mlandu umenewu si wa mayi wogula tomato wa pamulu.

Ndinenenso mosabisa kwa mabungwe ndi makampani amene amati akuthandiza. Malaya osindikiza, zakumwa ndi alawansi ya tsiku limodzi zimapha ntchito imeneyi. Anthu akalandira ndalama ulendo woyamba, ulendo wachiwiri amayamba afunsa kuti kuli chiyani. Ndalama yomweyo igule mawilibala awiri, mareki, mafosholo ndi zigubu, kapena ilipire galimoto yonyamula zinyalala kwa miyezi isanu ndi umodzi. Tsiku loyeretsa dziko limene linakhazikitsidwa mu 2020, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse, ndi poyambira pabwino, koma mtsinje umaipitsidwa masiku onse 30.

Za mitengo ija

Mbande zimafa pa zifukwa zodziwika. Choyamba ndi kudzala mochedwa. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, koma mbande yodzalidwa mu Malichi imapeza mvula ikutha mizu isanazame. Dzalani mu Disembala kapena Januwale, nthaka itanyowa bwino. Dzenje likhale masentimita 60 mulitali, mulifupi ndi kuya. Dothi lapamwamba muliike padera, mulisakanize ndi ndowa imodzi ya manyowa owola bwino, ndipo likhale loyamba kubwerera m'dzenje. Chubu chapulasitiki muching'ambe ndi kuchichotsa. Mukafukula mbande zouma mudzapeza zina zikadali m'chubu, mizu itazungulira ngati nkhata. Musadzale pansi penipeni pamene madzi osefukira amadutsa, kwerani pamwamba pa gombe, ndipo siyani mamita atatu kapena anayi pakati pa mtengo ndi unzake.

Mtundu nawo ndi nkhani. M'mbali mwa madzi mumayenera mbawa, mkuyu, katope, mthethe ndi nsungwi. Bulugama ayi: amamwa madzi ambiri ndipo pansi pake sipamera kanthu kogwira dothi. Sakanizanimo mango kapena magwafa pafupi ndi nyumba, chifukwa mtengo wa zipatso supeza nkhwangwa msanga. Mbande iliyonse itchingidwe ndi timitengo ta nsungwi kapena minga, kuopa mbuzi ndi mpira wa ana. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, chigubu cha malita asanu kawiri pa sabata chimapulumutsa mtengo, makamaka mukaphimbira udzu pansi, koma udzuwo usakhudze tsinde chifukwa umaitana chiswe.

Komabe gombe limene likugumuka silingadikire mtengo zaka zisanu. Pamenepo pafunika udzu wogwira dothi wotchedwa vetiva. Gawani phata kuti chidutswa chilichonse chikhale ndi mphukira ziwiri kapena zitatu, dulani masamba atsale masentimita 20, ndipo dzalani mzere wopingasa chitunda, motalikana masentimita 10 mpaka 15 basi. Mukatalikitsa, madzi amadutsa m'mipata n'kukumba timakwawa. Mizu yake imatha kuzama mamita awiri kapena atatu, koma udzuwu sufuna mthunzi, choncho mzere wake ukhale kumunsi kwa mitengo kumene dzuwa limafika. Amene anaona matope ndi miyala zikutsika phiri la Soche kulowa m'Chilobwe mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe Freddy, amadziwa zimene dothi losagwirika limachita. Phiri la Ndirande nalo linametedwa kalekale, ndipo madzi ake amatsika ndi liwiro lomwe magombe a Nasolo ndi Mudi sangalipirire opanda udzu.

Tsono chochita ndi ichi, Amayi. Lekani kutenga mtsinje wonse. Sankhani mamita 100, muwagawe m'zigawo za mamita 20, chilichonse chikhale m'manja mwa mabanja oyandikana nacho, ndipo mtengo uliwonse ukhale ndi mwini wake wolembedwa m'kope. Itanani amfumu kapena abuloko lida pamodzi ndi eni nyumba za lendi, chifukwa alendi amasamuka koma mapaipi a zimbudzi olozetsa kumtsinje ndi a eni nyumba. Okumba mchenga ndi otsuka magalimoto muwaike m'komiti, muwasonyeze malire a pamene pali vetiva. Zida zizisungidwa pa nyumba imodzi, wobwereka azisayina. Pomaliza gwirizanani kandalama kochepa pa khomo pa mwezi, kolipira achinyamata awiri oyenda ndi wilibala kawiri pa sabata kutengera matumba ku bini ya khonsolo.