Za pedal steel m'tchalitchi, ine zinandionekera

Achimwene, mwafunsa ngati mugule pedal steel yoti muziyimba m'kwaya ya kutchalitchi kwanu, gitala yogona chagada pa miyendo yakeyake, yoyimba potsetsereza kachitsulo pa mawaya uku ukuponda mapedulo. Mwandigwira pabala. Yanga ndinagula kuno ku Johannesburg, yakale, ya mawaya 10, yochunidwa pa E9 (dzina la kachunidwe ka mawaya ake), mapedulo atatu ndi tizitsulo tinayi tokankha ndi mawondo. Miyezi isanu ndi umodzi ndinkaphunzira usiku ndikaweruka, mpaka bondo kutupa.

Lamlungu limene ndinapita nayo kutchalitchi ndinafika anthu asanabwere, kumanga miyendo yake, kulumikiza mapedulo, kuchuna kawiri chifukwa m'holo mukatentha mawaya amasuntha. Nyimbo yachiwiri ili mkati, ndangoponda mapedulo awiri, kachitsulo kakutsetsereka bwinobwino, mawu anangoti zii. Ndinayesa chingwe cha ampu chazuka, ndinawerama kufufuza pansi. Podzuka ndinaona mkulu wa zokuzira mawu dzanja lili pa mikisa, akundiyang'ana osaphethira. Anachita kundizimitsa dala. Titaweruka ananena pamaso pa kwaya yonse kuti nyimbo za country za azunguzi kuno ayi, zikumveka ngati mphaka wanjala. Ana anaseka. Ndinamasula miyendo ija manja akunjenjemera, bokosi lolemera lija ndinalikoka ndekha mpaka pokwerera minibasi.

Mpaka lero mtima umawawa, chifukwa bamboyo amangolankhula zomwe sakuzidziwa. Ku America, mu mpingo wa anthu akuda wa House of God, steel ndiyo imatsogolera mapemphero, imayankha mlaliki ngati ndi munthu akufuula ameni. Robert Randolph, katswiri wotchuka wa pedal steel, anaphunzirira momwemo. Ku Nigeria, woyimba wotchuka King Sunny Adé anali ndi Demola Adepoju akuyimba pedal steel pakati pa ng'oma zachiyoruba, mvetserani chimbale cha Juju Music cha 1982 mumve nokha. Nanga kwathu, agogo athu sankagoneka gitala pamiyendo n'kumatsetsereza botolo pa mawaya, ija ankati hauyani? Chachilendo n'chiyani pamenepa?

Ndiye gulani, musamvere za aliyense, kwaya yanu idzazolowera. Koma chaka choyamba musapite nayo kutchalitchi, chonde. Kapena yambani ndi lap steel yopanda mapedulo, njotchipa, muyambe mwaphunzira kulondoleza kachitsulo, chifukwa mukaphonya pang'ono pokha holo yonse imamva. Wa pa mikisa muyambe mwamuitana kunyumba amve kaye, ine izi sindinachite. Ndipo muitanitsiretu mawaya apadera, makamaka wachitatu wopyapyala uja, amaduka kawirikawiri chifukwa pedulo imamukoka nthawi zonse.