Kophunzirira Chijeremani kuno ku Johannesburg

Achemwali, mwafunsa komwe mungaphunzire Chijeremani popeza mukufuna kutsatira amuna anu ku Germany. Ine ndikulangizani kuti muyambire ku Goethe-Institut, bungwe lophunzitsa Chijeremani lomwe lili pa msewu wa Jan Smuts ku Parkwood, chifukwa satifiketi yawo ya A1, yomwe ndi ya gawo loyamba la chilankhulochi, imavomerezedwa ku ofesi ya kazembe wa dzikolo pofunsira viza yotsatira banja. Masukulu ang'onoang'ono a m'tauni ndi otsika mtengo ndithu, koma musanalipire afunseni ngati amakonzekeretsa ophunzira mayeso amenewa, ndipo mukadzionere nokha kuchuluka kwa anthu m'kalasi, pakuti m'chipinda chodzaza simudzapeza mpata wolankhula. Ngati mumaweruka mochedwa kuntchito, funsaninso ngati pali makalasi a Loweruka kapena a pa intaneti, kuti musamavutike kufuna galimoto usiku.