Sensa yanu sinafe, madziwo angoundana

Mwafunsa ngati sensa yanu yoyezera chinyezi cha m'dothi yafa, poti ikungoonetsa ziro. Ayi akulu, musaitaye sensayo, sinafe. Ziro amene ikukuonetsani ku Taylor Valley, chimodzi mwa zigwa zouma za McMurdo ku Antarctica, ndi zomwe zimachitika dothi likaundana. Zipangizo zimenezi, kaya TDR (yoyeza potumiza mafunde a magetsi m'dothi) kaya zinazo, zimamva madzi osaundana okha. Zimazindikira madzi poyeza nambala yotchedwa dielectric: ya madzi ndi pafupifupi 80, ya ayezi ndi 3 basi, yosasiyana kwenikweni ndi ya mchenga wouma. Ndiye dothi likhoza kumangana ndi ayezi ngati simenti, sensa n'kumakuuzani kuti mulibe kanthu.

Komanso mwaikwirira pakuya bwanji? M'zigwa za McMurdo chipale chofewa chimene chimagwa pachaka sichipitirira mamilimita 50 a madzi, ndipo chambiri mphepo youma ya kumeneko imachisandutsa nthunzi chisanasungunuke. Dothi lapamwamba nthawi zambiri chinyezi chake sichifika 2 peresenti. Kufupi ndi nyanja yamchere dothi limasungunuka masentimita 45 mpaka 70 mu December ndi January, koma m'zigwa zokwera monga Beacon mwina osafika 20. Kumtundako mupezanso dothi lozizira zedi koma longoyoyoka m'manja, poti mulibe ayezi woligwira.

Koma chimene chimapha ntchito si sensa ayi, ndi masampulo a dothi amene mumakaumitsa mu uvuni kuti muone madzi amene achoka. Taganizani: magalamu 100 a dothi la 1 peresenti muli galamu imodzi yokha ya madzi. Mwakumba, mwamanga thumba, mwaika m'bokosi loyenera kukhala pa madigiri -20, mwalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti lisasungunuke. Onyamula katundu alisiya usiku m'nyumba yofunda chifukwa ndege yachedwa, m'mawa n'kulibwezera mufiriji osauza munthu. Mukatsegula mupeza ayezi wopyapyala womatira mkati mwa pulasitiki, dothi lapansi lomwe linali lomangana lasanduka chibuma chimodzi, mchere wasungunuka n'kutsikira pakona ya thumba, inki ya nambala yafalikira. Magalamu 0.3 okha akatsalira pathumba, 30 peresenti ya madzi anu yapita. Ndipo simungabwererenso kukakumba mpaka chilimwe cha chaka chamawa! Zimapsetsa mtima kwambiri. Oipitsitsa ndi aja a mulabu amene amaona zonsezi koma n'kungotsanulira dothilo mu uvuni, nambala n'kuilemba mu lipoti osanena kuti bokosi linasungunukapo.

Ndiye yezani kulemera tsiku lomwelo mwakumbalo. Sikelo ikhale yowerenga mpaka magalamu 0.01, muitchinjirize ku mphepo, zitini mukhale mutaziyezeratu zopanda kanthu. Musasefe sampulo ya chinyezi, kusefa kumaliumitsa. Sefa ya mamilimita 2 igwire ntchito pa gawo lina. Kenako uvuni, madigiri 105 kwa maola 24. Samalani apa: dothi lokhala ndi mchere wa gypsum kapena wa mirabilite limatulutsa madzi a mkati mwa mchere wake likatentha chonchi, nambala n'kukwera monama. La gypsum umitsani pa madigiri 60 mpaka litasiya kupepuka, koma mirabilite amataya madzi ake ngakhale pa madigiri 60 pomwepo.

Mchere muuyezenso, gawo limodzi la dothi pa magawo asanu a madzi. Kufupi ndi dziwe lamchere la Don Juan Pond ku Wright Valley, mchere wa calcium chloride umakoka nthunzi mumpweya ndipo madzi ake saundana msanga, choncho sensa yomweyo ikupatsani nambala yokwera udyo. Lembaninso kutalika kuchokera kumadzi. M'mbali mwa mtsinje wa Onyx kapena Lake Fryxell dothi limanyowa mamita angapo, kupitirira apo gwa, ndipo ngakhale tinyongolotsi timasintha: Scottnema lindsayae timakonda dothi louma, Plectus lonyowa. Thumba longolembedwa "Taylor" silithandiza aliyense.

Ndanena zoipa zambiri za kutumiza masampulo, komabe ngati mulibe sikelo kumsasa, tumizani ndithu, matumba awiri awiri, mpweya mutautulutsa. Akafika yezani thumba lisanatsegulidwe, ndipo muliumitse nalo pamodzi pa moto wochepa. Sensa nayonso isiyeni pansi, ili ndi ntchito yake: ikakhala ndi choyezera kutentha pambali pake ikuuzani tsiku limene dothi lasungunuka, chinthu chomwe uvuni sungakuuzeni.

Dzenje mulikwirire motsata momwe munafukulira, timiyala tapamwamba potsiriza. Zigwazi zili pansi pa malamulo apadera kuyambira 2004, ndipo phazi mukaponda pamenepo limaoneka zaka zambiri.